Chilembo chimodzi pomwe microRNA imamatirira: tisafulumire kuchiimba mlandu wa matenda

Akonzi,

Tikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti tithirirepo ndemanga pa nkhani ya microRNA, tizidutswa ta m'maselo tomwe timachepetsa kapangidwe ka mapuloteni, nkhani yomwe yakhala ikumveka kwambiri chilengezereni mu Okutobala 2024 kuti Victor Ambros ndi Gary Ruvkun ndiwo apata mphoto ya Nobel ya zachipatala chifukwa chotulukira microRNA. Mphotoyo inawayenera, pamenepo palibe mtsutso. Chomwe chatidzutsa ndi mawu ena omwe amatsagana ndi nkhaniyi pa intaneti ndi m'zolemba za umoyo. Akuti asayansi apeza chilembo chimodzi cha DNA, pamalo pomwe microRNA imamatirira, chomwe chimayambitsa khansa, kuthamanga kwa magazi kapena nthenda ya mtima, ndipo akuti munthu atha kukayezetsa n'kudziwiratu zomwe zikumudikira. Zilembo zotere zilipodi, ndipo zingapo umboni wake ndi wolimba. Koma zambiri zomwe zinatchuka zinagwa anthu ena atabwereza kafukufukuyo, ndipo chomwe zinagwera chimadziwika bwino. Owerenga anu akamva mmene zinthuzi zimayendera m'selo, atha kusiyanitsa okha nkhani yokhwima ndi yaiwisi.

Malangizo opangira thupi la munthu analembedwa mu DNA ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, ndipo pa seti imodzi ya makromozomu zilipo pafupifupi 3 biliyoni. Selo likafuna puloteni inayake silitulutsa DNA m'phata mwake. Limakopera jini yofunikayo, kutanthauza chigawo cha DNA chokhala ndi malangizo a puloteniyo, pa kachingwe ka RNA kotchedwa mRNA, momwe U amalowa m'malo mwa T, ndipo kachingweko ndiko kamakawerengedwa ndi ribosome, makina a m'selo opangira mapuloteni, zilembo zitatuzitatu, mpaka pa chizindikiro choti puloteni yathera apa. Koma mRNA sithera pomwepo. Kuseri kwa chizindikirocho kumatsala chigawo chosasanduka puloteni, chotchedwa 3'UTR, chomwe m'majini ena chili ndi zilembo mazana ochepa, mwa ena masauzande angapo. M'menemo ndimo muli malo ambiri omwe ma microRNA amamatirira.

MicroRNA ndi kachidutswa ka RNA ka zilembo pafupifupi 22. Yoyamba, lin-4, inapezeka mu 1993 m'kanyongolotsi kotalika milimita imodzi kotchedwa C. elegans, komwe imatsitsa puloteni ya jini ya lin-14. Anthu ambiri anaiona ngati zachilendo za nyongolotsi basi, mpaka mu 2000 pomwe yachiwiri, let-7, inapezeka kuti ilinso mwa anthu ndi nyama zina zambiri. Kapangidwe kake kamayambira m'phata la selo, momwe imakoperedwa ngati chingwe chachitali chopindika pakati. Mapuloteni otchedwa Drosha ndi DGCR8, mothandizana, amadula chingwecho n'kutsala chopindika cha zilembo 60 mpaka 70. Mapuloteni ena amapitiriza: Exportin-5 amachitulutsa m'phata, Dicer amachidulanso, ndipo chingwe chimodzi mwa ziwiri zotsalazo chimalowa m'puloteni yotchedwa Argonaute. Argonaute ndiye amainyamula microRNA n'kumafunafuna mRNA yogwirizana nayo.

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa nkhani yonse yagona pa zilembo zochepa kwambiri. Mwa nyama ndi anthu, microRNA sifuna kuti zilembo zake zonse 22 zigwirane ndi mRNA. Zomwe zimagwira ntchito yaikulu ndi zoyambira pa chachiwiri kufika pa chachisanu ndi chiwiri kapena chachisanu ndi chitatu, chigawo chotchedwa seed. A amagwirana ndi U, G amagwirana ndi C, ndipo zingwe ziwirizo zimayang'anizana mutu ndi miyendo. Titenge let-7a, yomwe imayamba motere: UGAGGUAG. Tikachotsa U woyambayo, seed yake ndi GAGGUAG, ndipo malo ake pa mRNA amawerengeka CUACCUC. Pakatsatira A kutsogolo kwake, kukhala CUACCUCA, malowo ndi a zilembo 8 ndipo ndiwo amphamvu koposa. A zilembo 7 amatsatira, a zilembo 6 ndi ofooka moti nthawi zambiri mphamvu yake sionekera n'komwe. Argonaute akamatirira pamalopo amaitana mapuloteni ena, TNRC6 kenako gulu la CCR4-NOT, omwe amafupikitsa mchira wa ma A womwe uli kumapeto kwenikweni kwa mRNA, ndipo mRNA yopanda mchira sichedwa kuphwanyidwa. Kafukufuku wa mu 2010 wa gulu la David Bartel anaonetsa kuti gawo lalikulu la kutsika kwa puloteni limachokera pa kuphwanyidwa kumeneku.

Kutsikako si kwakukulu, ndipo apa ndi pomwe nkhani zambiri zimasokonekera. MicroRNA sizimitsa jini. Miyezo ya mapuloteni masauzande yomwe inafalitsidwa mu 2008 inaonetsa kuti puloteni yomwe mRNA yake ili ndi malo omatirira imatsika pang'ono chabe, kawirikawiri osafika ndi theka lomwe. Ndiye chilembo chimodzi chikasintha n'kuwononga malo amodzi, chomwe tiyembekezere ndi kukwera pang'ono kwa puloteni imodzi, m'maselo okhawo omwe microRNA imeneyo ilimo yambiri. Majini ambiri thupi limapirira nawo kusintha kotere osamva kanthu. Alipo ochepa omwe muyezo wake ndi wosalola kuphonya, ndipo matenda enieni a mtundu uwu amapezeka mwa amenewo.

Chilembo chimatha kuwononga malo omwe analipo, kuwafooketsa, kapena kupanga malo atsopano pomwe panalibe. Chitsanzo choyera kwambiri cha kupanga malo atsopano sichichokera mwa anthu koma mwa nkhosa za mtundu wa Texel, zodziwika ndi minofu yochuluka. Mu 2006 gulu la Michel Georges ku Liège, m'dziko la Belgium, linapeza kuti mu 3'UTR ya jini ya myostatin, puloteni yomwe ntchito yake ndi kuletsa minofu kukula mopyola, G mmodzi anasanduka A. Pomwe nkhosa zina zili ndi ACGUUCCA, za Texel zili ndi ACAUUCCA, ndipo ameneyu ndi malo athunthu a zilembo 8 a miR-1 ndi miR-206. Ma microRNA awiriwa ndi ochuluka zedi m'minofu momwemo, momwe myostatin imapangidwa. Zonse zinakumana: malo amphamvu, microRNA yochuluka, chiwalo choyenera, jini yomwe kuchepa kwake kunali kodziwika kale kuti kumakulitsa minofu, ndiponso myostatin yochepa m'magazi a nkhosazo atayeza. Nkhani ina iliyonse ya mtundu uwu iyenera kuyezedwa pa muyezo umenewu, ndipo ndi zochepa za anthu zomwe zimafikapo.

Zilipo zomwe zimayandikira. M'banja lina lomwe munali nthenda ya kakulidwe ka mafupa yoyenda pa kromozomu X, kafukufuku wa mu 2010 anapeza A wosanduka T mu 3'UTR ya jini ya HDAC6, pamalo a miR-433, ndipo puloteniyo inali yochuluka mopyola muyezo. Mu jini ya LPL, yomwe imathandiza kuchotsa mafuta m'magazi, chilembo cholembedwa rs13702 chimawononga malo a miR-410, ndipo omwe ali nacho amakhala ndi mafuta a triglyceride ochepako pang'ono. Kusintha kukagwera mu seed ya microRNA yeniyeniyo zinthu zimakula, poti pamenepo si jini imodzi yomwe yamasuka koma mazana, kwinaku ena atsopano akugwidwa molakwika. Mu 2009 mabanja awiri a ku Spain omwe anthu ake ankagontha pang'onopang'ono anapezeka ndi kusintha mu seed ya miR-96, yomwe imagwira ntchito m'maselo omvera a mkati mwa khutu. Ndipo m'zotupa zina, monga za mafuta ndi za m'chiberekero, kromozomu imathyoka n'kudula 3'UTR ya jini ya HMGA2, pomwe pali malo 7 a let-7, onse n'kupita nthawi imodzi.

Tsono vuto lili pati? Loyamba ndi la masamu wamba. Zilembo zilipo zinayi, ndiye mizere yotheka ya zilembo 7 ilipo 16,384. Kaundula wa miRBase, m'kope lake la 2018, ali ndi ma microRNA okhwima a munthu 2,654. Ena amafanana seed, choncho tiyerekeze kuti ma seed osiyana alipo 2,000. Ndiye kuti pa mizere 8 iliyonse ya zilembo 7 yomwe mungatole mwachisawawa, umodzi ugwirizana ndi microRNA inayake. Chilembo chimodzi chimakhala m'mizere 7 yolowana, ndipo poti tikuyerekeza chakale ndi chatsopano, mizereyo ndi 14. Gawani 14 ndi 8. Pafupifupi chilembo chilichonse cha mu 3'UTR chomwe mungapatse kompyuta, iyo idzakuuzani kuti chapanga kapena chawononga malo a microRNA, mwinanso awiri. Munthu aliyense amasiyana ndi DNA yomwe asayansi amayerekezera nayo ya anthu onse m'malo 4 mpaka 5 miliyoni, ndipo masauzande ambiri mwa malowo ali mu 3'UTR. Pepala lomwe umboni wake wonse ndi woti pulogalamu ya pa kompyuta ngati TargetScan, miRanda kapena PolymiRTS yalosera malo, silinanene kanthu. Mapulogalamuwa ndi abwino posankha poyambira, ndipo eni ake sanenapo kuti ndi umboni.

Onjezani apo kuti mayina ambiri a mu miRBase ndi okayikitsa. Kaundula wina wosefa kwambiri, MirGeneDB, amavomereza majini a microRNA a munthu osakwana 600. Ngakhale mwa enieniwo, kupezeka m'selo si kugwira ntchito. Kafukufuku wa mu 2012 yemwe anayeza mphamvu ya ma microRNA mazana nthawi imodzi anapeza kuti oposa 60 pa 100 alionse omwe ankapezeka m'maselo oyezedwawo sankatsitsa kalikonse, chifukwa anali ochepa. M'chiwalo chilichonse ndi ochepa chabe omwe amalamulira: miR-122 m'chiwindi, miR-1 mumtima ndi m'minofu, miR-124 m'maselo a ubongo. Mukamva kuti chilembo china chikuyambitsa nthenda ya impso kudzera mu microRNA ya nambala yaikulu, ya m'masauzande, funsani ngati inayezedwapo mu impsomo ndipo inapezeka yochuluka bwanji. Nthawi zambiri funso limenelo lokha limaitha nkhani.

Ofufuza akafuna kuonetsa kuti malowo ndi enieni, amayamba ndi muyezo wa luciferase, puloteni yotulutsa kuwala. Amatenga 3'UTR ya jiniyo n'kuilumikiza kumbuyo kwa jini ya luciferase m'kamkombero ka DNA kotchedwa plasmid. Amapanga mitundu iwiri yosiyana pa chilembo chimodzi chokhacho. M'plasmid momwemo mumakhala luciferase yachiwiri yosakhudzidwa, yoyezera kuchuluka kwa DNA yomwe yalowadi m'maselo. Amalowetsa plasmid m'maselo olimidwa m'mbale, kawirikawiri a HEK293 kapena HeLa, pamodzi ndi microRNA yopangidwa m'labotale, ndipo pakatha maola 24 mpaka 48 amaphwanya maselowo n'kuyeza kuwala kwa mitundu iwiri. Kuwala kwa mtundu wokhala ndi malo kukatsika, kwa winawo osatsika, amati zatheka.

Muyezowu umanamiza mosavuta. MicroRNA yopanga ija imathiridwa yambiri, ndipo imadzaza selo kuposa kutalitali mmene thupi limachitira, moti malo ofooka omwe m'thupi sakanamvera amaoneka ngati akumvera. Njira yodalirika ndi yobwerera chammbuyo: kutenga maselo omwe ali nayo kale microRNA imeneyo mwachibadwa, kuitsekereza ndi kachingwe kotsutsana nayo, n'kuona ngati kusiyana kwa mitundu iwiri ija kukutha. Ena, pofuna kufulumira, amaika kachidutswa ka zilembo 50 kokha m'malo mwa 3'UTR yonse. Koma RNA imadzipinda, ndipo malo omwe ali poyera m'kachidutswa atha kukhala obisika m'chingwe chathunthu, kapena okhalidwa kale ndi puloteni ina, monga HuR, yomwe imadziwika kuti imamasula mRNA ina m'manja mwa miR-122 selo likapanikizika. Palinso nkhani ya kutalika. Majini oposa theka a munthu ali ndi malo angapo othera, ndiye mRNA ya jini imodzi imatha kukhala ndi 3'UTR yaitali muubongo, yaifupi m'maselo ogawikana msanga. Ngati chilembo chanu chili kutali, kupyola pomwe mRNA imathera m'chiwalo chodwalacho, sichilimo n'komwe mu mRNA imeneyo. Ndipo pakasowa muyezo wobwezeretsa, woti musinthenso seed ya microRNA kuti igwirane ndi chilembo chatsopanocho n'kuona kutsika kukubwerera, simunaonetse kuti zingwe ziwirizo zimakhudzanadi.

Umboni wokhwima umachokera m'jini yeniyeni, pamalo ake enieni. Munthu yemwe analandira chilembo chimodzi kwa mayi, china chosiyana kwa bambo, ndi woyezera wabwino koposa, chifukwa makope awiriwo ali m'selo limodzi ndipo akukumana ndi microRNA yofanana. Mukawerenga mRNA yake n'kupeza theka ndi theka, nkhaniyo yafooka. Mukapeza 60 kwa 40, ndipo kusiyanako n'kutha microRNA ikatsekerezedwa, mwagwira chinthu. Njira za CLIP, zomwe zinayamba kugwiritsidwa ntchito pa Argonaute mu 2009, zimamangirira puloteniyi pa RNA ndi kuwala kwa UV, kenako n'kuwerenga tizidutswa tomwe inagwira, motero zimaonetsa ngati imakhaladi pamalopo. Ndi CRISPR, njira yodulira ndi kusinthira DNA, mutha kusintha chilembo chimodzicho m'maselo n'kusiya zina zonse mmene zilili. Ndipo nkhokwe ya GTEx, yomwe pofika 2020 inali itasanthula ziwalo 49 za anthu 838, imaonetsa ngati chilembo chimayendadi ndi kukwera kapena kutsika kwa mRNA m'chiwalo chomwe mukunena.

Nkhani ya jini ya KRAS ikuonetsa zomwe zimachitika anthu akadumpha masitepe amenewa. Mu 2008 kunatuluka lipoti loti chilembo cha rs61764370, T wosanduka G mu 3'UTR ya KRAS pamalo omwe ankaganiziridwa kuti ndi a let-7, chimakweza chiopsezo cha khansa ya m'mapapo. Mu 2010 chinanenedwanso pa khansa ya thumba la mazira la amayi, ndipo muyezo wake unayamba kugulitsidwa ku United States. Nkhaniyo inali yokoma kumva, poti KRAS ndi jini yodziwika pa khansa ndipo let-7 ndi microRNA yodziwika kuti imaletsa zotupa. Koma mu 2011 mgwirizano wa ofufuza a m'mayiko ambiri unayeza odwala oposa 8,000 ndi amayi osadwala pafupifupi 10,000, osapeza kugwirizana kulikonse. Mu 2014 ena analowetsa chilembocho m'jini yeniyeni ya maselo a m'labotale, ndipo kuchuluka kwa KRAS sikunasinthe. Mu 2016 kafukufuku wa amayi oposa 100,000 anatsimikiza kuti chilembochi chilibe ntchito pochenjeza za khansa ya thumba la mazira kapena ya m'mawere. Chilembocho chimapezeka mwa anthu ambiri ndithu. Taganizani amayi angati akanauzidwa kuti ali pangozi, ena mpaka kuganiza zochotsa ziwalo zabwinobwino.

Ya SLITRK1 inagwa mwa njira ina. Mu 2005 ofufuza a ku Yale anapeza chilembo chotchedwa var321 mwa odwala 2 pa 174 a nthenda ya Tourette, yochititsa munthu kugwedezeka kapena kutulutsa mawu mosafuna, ndipo sichinapezeke m'makromozomu oposa 3,600 a anthu osadwala. Chinkalimbitsa malo a miR-189 posandutsa kugwirana kofooka kwa G ndi U kukhala kwa A ndi U. Patapita nthawi chinapezeka mwa anthu osadwala, ndiponso chinaoneka kuti n'chofala mwa Ayuda a Ashkenazi kuposa mwa azungu ena. Odwala ndi osadwala akachokera m'mitundu yosiyana ngakhale pang'ono, chilembo chilichonse chosiyanitsa mitunduyo chimaoneka ngati cha matenda. Odwala awiri ndi ochepa zedi kuti amange mlandu.

Ya kuthamanga kwa magazi nayo siinathe bwino. Mu jini ya AGTR1, yomwe imapanga polandirira angiotensin II, homoni yokweza kuthamanga kwa magazi, chilembo cha A1166C chimasandutsa AGCAUUA kukhala AGCCUUA, ndipo miR-155 imalephera kugwira. M'labotale zimenezi zinaonetsedwa mu 2007 ndipo n'zomveka. Mwa anthu, malipoti akhala akutsutsana chiyambire 1994, ena kupeza kugwirizana, ena ayi. Zimatheka ndithu kuti chinthu chichitike m'mbale ya maselo koma thupi lathunthu, lomwe lili ndi njira zambiri zowongolera kuthamanga kwa magazi, n'kuchimeza osaonetsa kanthu.

Pali msampha wina womwe ngakhale kafukufuku wamkulu sathawa. DNA imayenda kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana m'zigawo zikuluzikulu, ndiye zilembo zoyandikana zimayendera limodzi mibadwomibadwo. Chilembo chikapezeka chochuluka mwa odwala, mwina ndicho chapalamula, mwina n'choyandikana chabe ndi chopalamulacho, ngati kugwira munthu woyenda ndi wakuba, wakubayo n'kutsala. Pa nthenda ya Crohn, yotupitsa matumbo, jini ya IRGM ili ndi chilembo cha c.313C>T chomwe sichisintha puloteni koma chimasokoneza malo a miR-196, monga zinaonetsedwa mu 2011. Chilembo chomwecho, mwa azungu, chimayenda limodzi ndi kusowa kwa zilembo 20,000 kutsogolo kwa jiniyo, komwe nakonso kumasintha kapangidwe ka IRGM. Kuwerenga odwala kokha sikungalekanitse ziwirizi.

Chitsanzo chomwe chinayenda bwino pa msampha umenewu ndi cha HLA-C ndi kachilombo ka HIV, ndipo n'choyenera kuchimva bwino. HLA-C ndi puloteni yomwe imakhala pakhungu la selo n'kumaonetsa asilikali a m'thupi tizidutswa ta zomwe zili mkati, kuti selo logwidwa ndi kachilombo lizindikirike n'kuphedwa. Mu 2007 kafukufuku wa azungu omwe ali ndi HIV anapeza chilembo cha rs9264942, chomwe chili zilembo 35,000 kutsogolo kwa jini ya HLA-C, chikuyenda ndi kuchepa kwa tizilombo m'magazi. Chifukwa chake sichinkadziwika, ndipo mwa anthu akuda a ku America chilembocho sichinkalosera chimodzimodzi. Mu 2011 gulu la Mary Carrington linapeza mbali ya yankho mu 3'UTR. Mitundu ina ya HLA-C ili ndi malo athunthu a miR-148a, choncho imatsitsidwa ndipo imaoneka yochepa pakhungu la selo. Mitundu ina ikusowa chilembo chimodzi pamalo a nambala 263, pamodzi ndi kusintha kwa zilembo zina zoyandikana, ndipo miR-148a siyigwira, puloteniyo n'kuchuluka. Mwa azungu chilembo chakutali chija chinkangoyenda ndi mitundu yachiwiriyi. Mwa anthu ochokera ku Africa, omwe DNA yawo ndi yosiyanasiyana koposa ndipo zigawo zake zoyendera limodzi ndi zazifupi, mgwirizanowo ndi wosalimba. Mu 2013 kunaonetsedwa kuti kuchuluka kwa HLA-C kwenikweniko ndiko kumathandiza pa HIV mwa azungu ndi mwa anthu akuda omwe, ndiponso kuti kuchuluka komweko kumakweza chiopsezo cha nthenda ya Crohn. Chilembo chomwe chikuthandiza uku chikupweteka uko, ndiye kuchitcha chabwino kapena choipa n'kulakwitsa.

Pano tinene mosapita m'mbali, kuopa kuti wina angamve molakwa. HLA-C yochuluka siteteza munthu kutenga HIV, ndipo siilowa m'malo mwa ma ARV. Imangosuntha pang'ono avereji ya tizilombo m'magazi pa gulu lalikulu la anthu osamwa mankhwala, ndipo malo a miR-148a ndi chimodzi chabe mwa zinthu zomwe zimalamulira kuchuluka kwake.

Phunziro la chilembo chakutali chija likukhudza muyezo uliwonse wogulitsidwa. Kuwerengera kwa mu 2016 kunapeza kuti pafupifupi 81 pa anthu 100 alionse omwe analowa m'kafukufuku wamkulu wofunafuna zilembo za matenda anali ochokera ku mitundu ya ku Ulaya, ndipo mu GTEx nawonso ndi pafupifupi 85 pa 100. Pomwe ntchito ya H3Africa inawerenga DNA yonse ya anthu 426 a mitundu 50 ya mu Africa, mu 2020, inapeza zilembo zosiyana zoposa 3 miliyoni zomwe sizinalembedwepo. Muyezo womangidwa pa chilembo chongoyenda ndi chopalamula umatha kugwira ntchito mu mtundu umodzi wa anthu n'kukhala wopanda pake mu wina, ndipo chilembo chomwe lipoti likuti n'chosowa chitha kukhala chofala mwa anthu omwe sanayezedwe mokwanira.

Za mankhwala tingodutsapo. Lingaliro lotsekereza malo amodzi pa mRNA imodzi ndi kachingwe kopanga lilipo ndipo likuyesedwa m'malabotale. Koma mankhwala oyamba opatsa odwala khansa microRNA yopanga, MRX34, anaimitsidwa mu 2016 odwala ena atamwalira chitetezo cha m'thupi chitawaukira.

Kwa owerenga omwe angalandire lipoti la DNA, lawo kapena la mwana, nazi zooneka papepalapo. Chilembo cha mu 3'UTR chimalembedwa ndi kanyenyezi, monga c.*281A>T cha HDAC6 chija, kutanthauza chilembo cha nambala 281 kuchokera pomwe puloteni yathera, A wasanduka T. Muyezo wofala wa exome umawerenga zigawo zosanduka puloteni ndi timbali take tochepa, choncho 3'UTR yambiri siiona. Lipoti la exome losapeza kanthu silinanene kuti 3'UTR ili bwino, ndipo pofuna kuiona pamafunika kuwerenga genome, kutanthauza DNA yonse, kapena kulunjika pa jini imeneyo. Lipoti likatchula chiopsezo, funsani nambala yeniyeni. Zilembo zofala zambiri zimakweza chiopsezo ndi ka 1.1 mpaka 1.3. Ngati nthenda imagwira anthu 20 pa 1,000 alionse, chilembo cha 1.2 chikuikweza kufika pa 24, ndipo 976 otsalawo sadzadwala. Kusuta fodya kumakweza chiopsezo cha khansa ya m'mapapo ka 15 kapena kuposa.

Zilembo zambiri zosowa za mu 3'UTR zimatuluka ndi chidindo cha VUS, kutanthauza kuti tanthauzo lake pa matenda silinadziwike. Kuti chilembo chichoke pa chidindocho pamafunika kuchiona chikuyenda ndi nthendayo mwa achibale angapo, odwala ali nacho, osadwala alibe, kuchipeza chosowa m'nkhokwe za DNA ya anthu ambiri ngati gnomAD mwa anthu a mtundu wa wodwalayo, ndi kuonetsa kuti mRNA kapena puloteni yasinthadi m'maselo oyenera. Malangizo a mu 2015 a ACMG, bungwe la akatswiri a majini la ku America, omwe malabotale ambiri amatsata, amanena kuti VUS isagwiritsidwe ntchito posankha chithandizo. Opaleshoni, kusintha mankhwala kapena chiganizo cha kubereka zisatsamire pa chidindo chimenecho, ndipo wodwala apemphe labotale kuti ilionenso lipotilo pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri, chifukwa ma VUS ambiri akaunikidwanso amapezeka kuti ndi osavulaza.

Ife anu,
Ofufuza za majini a anthu